Chokoleti cha Dipuloma

Lolemba

Mlandu wagwa ndisanasukusule n'komwe. Galu wanga Dipuloma wanyambita mphika wa achemwali. Kunyambita kokha! Mphika wopanda kanthu, wa nyemba zadzulo.

Nyumba ndi ya alamu anga, Che Bwanali, amuna awo a achemwali. Ine ndimagona m'kachipinda kakuseri pafupi ndi nkhokwe, chibwerere kuno kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Alamu ndi Msilamu, ndipo kwa iwo chiwiya chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Achemwali akutsuka, akundiyang'ana ngati wanyambita ndine.

Alamu sakweza mawu. Ndicho chimanditopetsa nawo. "Alamu, Lamulungu lino kuli sadaka ya malemu bambo anga. Nkhondo inatikaniza kuwachitira, tsopano abale akubwera. Galu wanu akakhudza chakudya kamodzi kokha sabata ino, apita ku Amaramba kwa msuweni wanu Yohane, akapirikitse anyani m'chinangwa."

Anyani! Galu amene anandipeza ku msasa wa othawa nkhondo ali kamwana, nthiti zokhazokha, nawoloka nane malire wapansi. Pa Entre Lagos ponse pano ndi yekhayo amene sanandiitanepo kuti "a Dotolo" kenako n'kutembenuka kukaseka.

Ndinaphunzira za ziweto zaka ziwiri ku univesidade ku Maputo. Ziwiri zathunthu. Ndinangobwera kudzaika maliro a bambo, msewu n'kutsekeka kumbuyo kwanga, basi. Koma zaka ziwirizo palibenso wina ali nazo kuchokera pano mpaka ku Chiuta. Galu mmodzi sangandikanike.

Pulani:
1. Kukweza thandala la mbale.
2. Chingwe.
3. Maphunziro kawiri pa tsiku, mwa sayansi. Anthu akuno amaphunzitsa galu ndi ndodo, n'chifukwa chake agalu awo ndi mbuli ngati eni ake. Galu amaphunzira ndi mphotho.
4. Kupeza mphotho.

Lachiwiri

Mphotho yapezeka! Wamalonda wina wa pasiteshoni ali ndi katoni ya chokoleti chimene anasiya asilikali akunja aja oyang'anira mtendere. Chakuda bii, chowawa ngati kwinini. Anthu akangoluma akulavula. "Tengani a Dotolo, mwina inu ophunzira mumadya zoterezi." Wandipatsa ulele, akuseka. Aseke.

Dipuloma wanunkhiza kamodzi, watsala pang'ono kumeza ndi chala changa chomwe.

Kalasi ili kuseri kwa nkhokwe, kopanda maso a anthu. Njira yake:
- mphika wanga wakale pansi, muli mutu wa mlamba
- galu ayandikira
- ine: "Ayi!"
- akabwerera m'mbuyo, kachidutswa ka chokoleti

Ulendo wachisanu wamvetsa. Wachisanu! Ku univesidade kuja kunali anzanga amene chaka chinkatha osamvetsa kalikonse. Lero ndi madirekitala ku Lichinga, mimba zikuyamba kulowa mu ofesi eni ake ali panja.

Thandala ndalikweza mpaka m'mapewa mwanga. Ndaiwala kuti achemwali ndi aafupi. "Ndiye mbale ndizitsitsa ndi makwerero, achimwene?" Alitsitsa okha ndi nkhwangwa. Anthu awa chitukuko sachifuna.

Lachitatu

Galuyu ndi wanzeru kuposa mmene ndimafunira.

Wazindikira kuti chokoleti chimayambira pa mphika. Ndiye sakudikiranso kalasi. Akudziyendera yekha: afika pa chakudya, aima, abwerera mapazi awiri, andiyang'ana. Ndimpatse.

Lero wachita zimenezi:
- pa mphika wa phala
- pa lichero la mpunga
- pa mtondo
- pa nkhuku yamoyo
- pa mphika wa aneba, ine ndili kuchimbudzi, ndipo waima pomwepo akulira mpaka ndatuluka

Sanakhudze kanthu. Ndikulemba kuti zidzadziwike: SANAKHUDZE. Kungoti kale ankapita kukhitchini kamodzi pa tsiku, lero wapitako kosawerengeka, ndipo ulendo uliwonse ndikumuponyera kachidutswa mobisa, achemwali asaone. Angati ndikuwonongera galu chakudya cha azungu, kenako nkhani ifike kuchitsime.

Chokoleti chasungunukira m'thumba. Buluku langa la ku Maputo, lokhalo latsala.

Chingwe ndabwereka cha ukonde wakale. Chikununkha nsomba. Wadya theka.

Lachinayi

Dipuloma sakukhazikika. Kuzungulira nyumba, kuwefuka, kukodza paliponse, kumwa madzi ngati ng'ombe. Ndikuona kuti ubongo wadzuka. Maphunziro amatero. Inenso chaka choyamba sindinkakhala pansi.

Vuto: ludzu lamufikitsa pa ndowa ya madzi amene alamu amasamba asanaswali. Wamwa. Alamu aona zonse ali pakhonde.

Ndakonza mfundo zitatu zamphamvu zosonyeza kuti madzi si chakudya. Sanandipatse mpata. "Ndinati chakudya, alamu. Madzi si chakudya. Ingotsukani ndowa." Ndi munthu wamtundu wanji wosafuna kukangana? Ndatsala ndi mfundo zitatu m'kamwa, dothi m'manja. Achemwali akuwerenga mokweza, ndipo akuti kachinayi sikanawakhutiritse, ndibwereze.

Alendo ayamba kufika pa komboyo, sitima yathu ya pamtunda, ena wapansi, mitolo pamutu. Nyumba yonse ndi malonje a Chiyao ndi misozi ya anthu amene anasiyana nkhondo isanavute. Azakhali a alamu, agogo opanda dzino ndi limodzi lomwe, aloza galu ndi ndodo: "Mwana wa a Dotolo uja ndi ameneyu?" Yankho ndinali nalo. Ndawalekerera chifukwa cha imvi.

Ana achuluka pabwalo. Katoni ndaipachika kudenga la chipinda changa, ndi chingwe chotsala chija.

Masiku atatu okha. Tikupambana.

Lachisanu

Chingwecho chimanunkha nsomba. Ndimadziwa. Ndinalemba ndekha Lachitatu!

Amuna ali ku mzikiti, ine andituma madzi pa njinga. Pobwera: chingwe chatafunidwa pamene ndinachimangirira kukhoma, katoni pansi, mapepala onyezimira mbwee chipinda chonse. Galu ali pakona, akunjenjemera ngati wa malungo. Mtima ndikuuona ukugunda pa nthiti. Wasanza kawiri pamphasa panga.

Achemwali alowa chipande chili m'manja. Atola pepala, anunkhiza. "Mwakhala mukumpatsa chimenechi? Achimwene! Chimenechi chimapha agalu!"

Nthawi yothawa nkhondo achemwali ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Zomba. Akuti dona anachotsa kuki ntchito tsiku lomwelo chifukwa chosiya chokoleti patebulo, galu n'kuthamangira naye kuchipatala cha ziweto pa galimoto, dona akulira njira yonse. "Kusukulu kwanu kuja sanakuuzeni?"

Za poizoni ankaphunzitsa chaka chachitatu.

Ndafunsa kuti dotolo wa ziweto wapafupi ali kuti. Sindikudziwa kuti ndafunsiranji. Achemwali angondiyang'ana. "Ndinu."

Ndachita zimene ndikukumbukira, ndi zina zongoganizira. Makala osinja m'madzi, ngakhale sindikudziwa ngati makala a kukhitchini amathandiza. Madzi pang'onopang'ono pa chivindikiro cha botolo. Nsalu yonyowa. Mthunzi. Ndawerenga kugunda kwa mtima ndi wotchi yanga, kenako ndakumbukira kuti wotchiyo inaima tili ku msasa.

Masiku atatu ndakhala ndikumudyetsa ndi dzanja langa, iye akugwedeza mchira.

Palibe waseka. Bola akanaseka.

Loweruka

M'mawa. Ali moyo! Wadzutsa mutu, wandinyambita chala. Miyendo ikugwedera koma waima. Alamu afika pakhomo, aima patali, manja kumbuyo. "Wadzuka bwanji wodwala?" Ndayankha mwachidule, ngati mmene amachitira madotolo enieni. Sindinamumange. Galu woyenda ngati nkhalamba angafike kuti? Komanso chingwe chinatha.

Bwalo ladzaza. Mafuwa mizere iwiri, mbuzi yasendedwa, amayi akupeta, akusinja, akukangana za mchere. Yohane wafika kuchokera ku Amaramba, dengu la nsomba zouma pa njinga. Wayang'ana galu ngati akumuyeza. Ndamuuza kuti asadzivute, abwerera yekha.

Masana. Ndikuwaza nkhuni. Ndikweza maso. Dipuloma akudutsa pabwalo, pang'onopang'ono, akupepesuka, anthu akumupatukira. Mphika waukulu wa mpunga wa alendo auphula, auvundukula kuti uzirale. Afika. Aima. Abwerera mapazi awiri. Andiyang'ana.

Ndendende mmene ndinamuphunzitsira! Pamaso pa Entre Lagos yense! Mtima wanga unatsala pang'ono kuomba m'manja.

Ndipisa m'thumba. Mulibe kanthu. Ngakhale chikanakhalamo, ndikanampatsa?

Wandidikira, ndisaname. Wandidikira ndithu. Galu amene sanadye kuyambira dzulo. Ndakuwa kuti "Ayi!" Wandiyang'ananso, monga amayang'anira waganyu akazindikira kuti mwini munda ndi wabodza. Kenako mutu wonse mumphika.

Zotsatira:
- azakhali aja akuwa mawu a Chiyao amene sindinawamvepo chibadwire
- mpunga wonse wapita kwa aneba ndi nkhuku zawo
- mphikawo ndi waukulu moti potsuka ndalowamo mpaka m'chiuno, kasanu ndi kawiri, palibe wowerenga
- achemwali akupeta mpunga wina, misozi ikugwera m'lichero. Anausunga chikololere, osadyako ngakhale pamene ufa unatha.



Alamu sanakalipe. Angoitana Yohane, n'kuloza dengu.

Lamulungu

Sadaka yayenda bwino. Ashehe awerenga, anthu adya, mpunga wakwanira movutikira. Alamu atchula dzina la bambo awo, n'kupukuta misozi ndi dzanja. Sindinawaonepo atatero. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa. Achemwali andiikira chiwindi m'mbale osandiyang'ana. Ndadya. Chinali chokoma, ndipo zimenezi zandikwiyitsa.

Ndinakonza mfundo ziwiri zosonyeza kuti galu wodwala sazengedwa mlandu. Sindinazinene.

Yohane wanyamuka dzuwa lili pamutu, ulendo ndi wautali. Dipuloma walowa m'dengu yekha, poti mukununkha nsomba. Sanalire n'komwe. Wosayamika.

Ndinamulembera Yohane malangizo masamba atatu a m'kope, ndi mitu yake: Zakudya, Nkhupakupa, Khalidwe. Wawatembenuza uku ndi uku. "Asuweni, ine kuwerenga ayi. Koma pepala lake n'labwino, lopichirira fodya." Waika m'thumba. "Ingondiuzani chachikulu, ndisunga m'mutu."

Ndaganiza nthawi yaitali, dzanja lili pamutu pa galu.

"Musadzampatse chokoleti."

Yohane wakanda m'mutu, phazi lili kale pa pedulo. "Chokoleti n'chiyani?"

Akakhala bwino kumeneko.