Intaneti Imene Inandithawira Kuphiri

Inu a Juma, chotsani dzanja pakamwapo, ndakuonani kale kuti mukuseka. Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipa apite ku Mbedza akafunse mwana wanga Esinala. Ine Mangani ndagwira ntchito ya mipope m'tauni muno mpaka imvi, palibe madzi amene anandikanapo kukwera chitunda, ndiye intaneti ndi ndani?

Esinalayo anapeza ntchito yomasulira makalata a kampani ina ya kunja, yogwirira pakhomo pa laputopu. Koma m'nyumba muli mapasa ake, ana oti akayamba kulira ngakhale wailesi imadzizimitsa yokha. Ndiye tinatulutsa makasu m'kashedi ka malata kumtunda kwa dimba, tinaikamo tebulo ndi mpando, yakhala ofesi. Vuto linali limodzi. Rauta, kabokosi kamene kamatulutsa intaneti kaja, kali pabalaza, ndipo intanetiyo imati ikafika pamtengo wa papaya n'kuima ngati mbuzi yomangidwa. Lolemba ndinamupeza mwanayo misozi ili chuchuchu.

"Ababa, abwana ati Lachinayi teni koloko ndikadukanso pamsonkhano, ndisamukire ku ofesi ya ku Lilongwe."

Ku Lilongwe! Ndi zidzukulu zanga zomwe! Ine nditsale ndikulankhula ndi nkhuku? Ndinayang'ana nyumba, ndinayang'ana kashedi, nthawi yomweyo ndinaona chimene anthu a madigiri sanachione: nyumba ili kumunsi, kashedi kali kumtunda. Chinthu chilichonse choyenda chimafuna kupopa. Mukumva?

Lachinayi m'mawa ndinavindikira rautayo ndi fanulo ya palafini, ndinalumikiza paipi ya mainchesi awiri mpaka kukashedi, ndinamangirira pampu ya njinga, ndinalavulira m'manja n'kuyamba kupopa, ndipo ndinapopa, achimwene, mpaka mababu a m'nyumba anayamba kuthothoka ngati mango, paipi inafufuma ngati nsato yomeza mbuzi, papaya uja anapsa zipatso zonse nthawi imodzi, kenaka pafupi ndi khola la nkhuku paipiyo inangoti phuu! Tambala wanga, amene sanapiteko kusukulu, anakwera padenga n'kuyamba kuwerenga nkhani za m'Chingelezi. Mphezi indiwombe pompano ngati ndawonjeza.

Ndikweze maso, ndinaiona intanetiyo, yabuluu ngati utsi wa basi yakale, ikuthawa cholunjika kuphiri. Ndinatola chigubu cha madzi chopanda kanthu n'kuithamangira, nditavala mapatapata.

Inayamba yakhotera ku Chinamwali. Kumeneko kunali chipwirikiti! Mafoni onse analira pamodzi, ngakhale akufa amene anthu amatsamiritsa zitseko, a kabaza anagwa ndi makasitomala awo, mauthenga amene anatsakamira mumlengalenga kuyambira chaka chatha anagwa onse ngati matalala, moti m'mawa umenewo maukwati awiri anatha, atatu anabwererana, ndipo mayi wina wa ku Songani analandira yankho la kalata imene anali asanailembe. Ine osaima ayi. Ndinadumpha mabenchi a tomato asanu ndi limodzi, ndinalowa m'tchire, ndinakwera phiri lonse lija molunjika osatsata msewu, mapatapata akufuka utsi.

Pamwamba ndinakumana ndi anthu ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu. Mmodzi anandilozera ndi chala. "Yadutsa apa, madala, yalowa m'nkhungumo!"

Mukuidziwa nkhungu ya pamwamba paja, yoti dzanja lako lomwe suliona. Ndinalowamo. Ndinapeza anyani atakhala pamzere pansi pa mapaini, makutu ali chilili, akumvera mpira wa ku Ulaya popanda wailesi, wamkuluyo atagwira mutu chifukwa timu yake inali itachinyidwa. Ndinadziwa kuti ili pafupi. Ndinapapasa, ndinapapasa, ndinaigwira mchira! Inandikoka n'kundimenyetsa kumtengo, ndinaipinda, inandiluma pachigongono, chipsera chake ndi ichi, a Juma, bwerani muchikhudze, musaope, koma ine ndinaikulunga ndi nkhungu yomweyo ngati chitenje chonyowa, ndinaifinyira m'chigubu mpaka dontho lomaliza, ndinatseka n'kukhalapo. Chigubucho chinkalankhula zilankhulo zinayi, ndi Chiyao chomwe.

Kuyang'ana wotchi, kwatsala mphindi zisanu kuti teni koloko ikwane. Mwana wanga ali pampando, ntchito ikupita, zidzukulu zikupita. Ndinaona thabwa la paini limene ocheka matabwa anasiya, ndinaligoneka pamsewu, ndinakhalapo chigubu pamiyendo, ndinadzikankha. Mukumva? Ndinatsika makhotakhota onse aja ngati mwala, ndinapitirira galimoto zitatu ndi njinga zamoto, mthunzi wanga womwe ndinausiya pakona yachiwiri moti unafika kunyumba madzulo uli wefuwefu, thabwa linkatha pang'onopang'ono mpaka pofika pageti linatsala ngati kamtengo ka machesi, buluku kumbuyoku kulibe.

Ndinakwera padenga la kashedi, ndinazula msomali umodzi, ndinathira chigubu chonse pabowopo.

Nditasuzumira pazenera, laputopu yawala ngati dzuwa. Abwana aja, mayi wa tsitsi loyera ali kutsidya kwa nyanja zingapo, akuoneka bwino moti fungo la khofi wawo linadzaza dimba lonse. Anayetsemula, mapepala a patebulo la Esinala anauluka. Kenaka anandiona. Anatulutsa dzanja m'laputopumo, linadutsa paphewa la mwana wanga, linatuluka pazenera, linandipatsa moni, n'kutola sitiroberi imene inandigwera m'thumba la malaya kuphiri kuja. Anaitafuna, anatsinzina, anati: "Esinala, usasunthe. Khala konko ku Zomba."

Mwanayo anatuluka akuvina, anandikumbatira buluku long'ambika lomwelo, mapasa akukuwa kukhonde, ine misozi m'maso. Mpaka lero amagwira ntchito momwemo, ndipo zidzukulu zanga zimandidzutsa m'mawa uliwonse pondikoka ndevu.

Mwati chiyani a Juma? Waya? Waya wotuwa wochokera pazenera la pabalaza uja? Mwauona eti. Eya, ulipo. Anaukwirira ndi mkamwini wanga, a Rashidi, mwamuna wa Esinala. Akuti anaukoka Lachitatu, dzulo lake, ine ndili ku Songani kogula paipi, ndipo akuti intaneti inayamba kufika m'kashedimo tsiku lomwelo. Palibe anandiuza, poti ndinabwera nditatopa. Koma inu ndi anthu akuluakulu, ganizani bwino. M'kawaya koonda ngati mchira wa khoswe, mungadutse dzanja la munthu, ndi wotchi yake yomwe?