Makoswe a mu Loja ya a Bernardo

Lolemba

Loja ya a Bernardo, ija ya khonde pafupi ndi pokwerera galimoto za ku Ulongwe, ilibe munthu! Wosoka zovala uja wasamuka. Ine zaka zonsezi ndili pa banka yanga pamsika wa Domwe, kathebulo kofolera ndi pulasitiki, mvula ikabwera mchere kumasungunuka ndikuona. Basi, nthawi yanga yakwana.

Zolowa mu loja yanga: sopo, mafuta, mchere wouma, zitenje pa chingwe, mpando wa ine ndekha. Chakuda, mphaka wanga, azigona pakhonde.

Vuto ndi limodzi: komadre Lusia, amene anandinyamulira mwana pa ubatizo ku Fonte Boa. Ndawaona akusuzumira pa zenera la lojayo. Ali kale ndi banka ziwiri. Ziwiri! Munthu mmodzi akufuna zingati?

Lachiwiri

Ndapita kwa a Bernardo. Ndi aprofesori opuma, amalankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengetsa ana. Atangotchula renda, ndalama yolipira pamwezi, ine mutu zweee. Ndiye ndatulutsa nzeru zanga za pamsika, zija ndimagulira nyemba: kuyamba ndanyoza. Ndati denga limadontha. Ndati chitseko n'chopindika. Ndati muli makoswe. Makoswewo sindinawaone, koma ndi loja yanji yopanda makoswe?

Iwo angoti, "Ndamva, mayi. Ndiganizire." Zosainirana kontratu akuti Lachisanu.

Pobwerera ndakumana ndi a Lusia atavala nsapato zatsopano. Pamsika! M'matope! Mtima wandiwawa, ndisaname.

Lachitatu

Kuti ofuna lojayo agwe ulesi, ndanong'onezako amayi ogulitsa mbatata za makoswe aja. Awiri okha. Pofika masana nkhani yanenepa: akuti makoswe ake ndi aakulu ngati ana a nkhumba, anadya suti ya mkwati, n'chifukwa chake wosoka uja anathawa. Wa njinga wina wochokera ku Kalomwe wachita kundichenjeza ineyo, mwini nkhani, kuti ndisayerekeze kulowamo.

Wogulitsa mafoni amene ankaifuna wasiya. Wa mankhwala a ziweto wasiya. Ndikuseka ndekha kuseri kwa matumba a mchere. Mutu uwu!

Ndauza mmisiri andikhomere matabwa oikapo katundu. Khoma ndinayeza kale dzulo ndi chingwe.

Lachinayi

A Lusia abwera pa banka yanga kudzagula kasopo kamodzi, ngati kwawo kulibe sopo. "Komadre, za makoswezi n'zoona?" Ine: "Ndi maso angawa." Mulungu andikhululukire. Apukusa mutu, apita.

Ndawayang'ana kumbuyo mpaka kukhota. Chitenje cha ku Dedza, tsitsi lomangitsa ku Tete, zonse zimangowayendera. Anthu amathamangira chiyani kwa iwo? Mchere wawo ndi wanga timagula kwa munthu mmodzi! Kungoti amaseka kwambiri basi. Ndayeserera kusekerera wogula wina. Wandifunsa ngati ndikudwala dzino.

Lachisanu

Ndavala chitenje changa cha ku misa, ulendo wokasaina. A Bernardo andilandira bwino, mpando, tiyi. Kenako: "Mayi, ndaganizira. Ndamva kuti inu makoswewo munawaona ndi maso anu. Sindingalole kuti sopo wanu adyedwe, mtima ungandivute."

Ndati makoswewo ndi ochepa. Ndati mwina anali mmodzi. Ndati mwinanso anali wa nyumba yoyandikana, amangodutsa. Ndati renda ija ndilipira yonse, osachotsera.

Iwo: "Anthu onse athawa. Anatsala mayi mmodzi wolimba mtima, ndawatsitsira renda ndi theka. Asaina m'mawa uno."

Dzina sindinafunse. Mapazi a nsapato zatsopano zija ndawaona m'matope pakhomo pawo.

Theka! Theka langa lija! Wavutikira ndine, pakamwa pachita kuuma!

Loweruka

A Lusia akupaka lojayo utoto wachikasu, womwe ndinkaufuna ine. Kuchokera pa banka yanga zonse zikuoneka, ngakhale nditembenuze mpando.

Mmisiri wabwera ndi matabwa anga. Ndiwaika pati, pamutu? A Lusia awagula. Akuti akwanira ndendende, akudabwa. Adabwe chiyani, anayeza ndine.

Mvula yagwa masana onse. Mchere wanga wasungunuka. Ndapita dala kukabisala pakhonde pawo, ndasuzumira m'kati. Denga silikudontha ngakhale dontho limodzi.

Lamulungu

Potuluka mu misa a Lusia andikumbatira anthu akuona. "Komadre, mukanapanda kundichenjeza inu! Ndibwerekeni Chakuda masiku angapo, athane nawo makoswe aja."

Ndikanati chiyani? Kuti mulibe makoswe? Amayi a mbatata onse aja ataima pompo? Ndamunyamula ndekha m'dengu kukamutula.

Madzulo ndadutsako. Wagona pakhonde, mimba ili tuu, amupatsa matemba. Ndamuitana kawiri. Watsegula diso limodzi, watsekanso.

Mawa ndikagula pulasitiki yatsopano ya pa banka. Pakhomo pathu mmodzi walowadi mu lojayo monga ndinakonzera. Si ine.