Don Eladio Sankafufuta Kanthu

Aliyense amene anagwirapo ntchito pakampani ija ya mapulogalamu ku Montevideo akudziwa kuti malemu Don Eladio Barreneche sankafufuta kanthu. Mzere wa pulogalamu, ngakhale woti anaulemba akadali ndi tsitsi, ankausamala ngati mwana wodwala.

Amene analema naye kwambiri ndi Maite Curbelo. Iyeyu anapatsidwa ntchito yosamutsa laibulale yawo, maziko omwe mapulogalamu a makasitomala mazanamazana anamangidwapo, kuchoka pa mtundu wachiwiri kupita pa wachitatu. Ankati miyezi itatu. Zinatha zaka ziwiri.

"Lamulo ili lichoke m'pulogalamuyi," Maite anatero tsiku lina. "Ngakhale dzina lake linalembedwa molakwika."

"Lisiye, mwanawe. Ku Tacuarembó kuli dokotala wa ziweto amene amaliitana ndi dzina lolakwikalo."

"Munthu mmodzi basi?"

"Ng'ombe zake zilipo zikwi zinayi. Ukaziuze wekha."

Ulendo wina Maite anakonza vuto lakalekale lomwe linkabweza deti m'mbuyo ndi tsiku limodzi. Pochokera ku nkhomaliro anapeza mkuluyo atalibwezeretsa, akudya bisiketi mwamtendere.

"Don Eladio, mwabwezeretsa cholakwika?"

"Anthu anazolowera kuwonjezera okha tsikulo kumbali kwawo. Ukakonza, odwala azifika kuchipatala Lachinayi dokotala atawadikira Lachitatu."

Maite anangogoneka mutu patebulo. Chomuwawa kwambiri chinali chakuti mkuluyo ankanena zoona.

Mtundu wachitatu unatuluka ndithu, koma utameza wachiwiri, wachiwiriwo utameza woyamba. Unkayenda mwapendapenda ngati ngolo yodzaza njerwa. Komabe palibe kasitomala amene anadzuka n'kupeza zake zitaima.

Mtima wa Don Eladio unaima m'nyengo yozizira, ali m'basi popita kuntchito. Patapita milungu itatu bwana anauza Maite kuti, "Tsopano sesani m'nyumbamu."

Maite anasonkhanitsa zakale zonse, mizere zikwi makumi anayi. Chala chili pabatani lofufutira, anayang'ana mpando wapakona womwe Don Eladio ankakhalapo, kudikira kuti wina atsokomole. Kunali zii. Anachotsa chalacho, napuma mozama, n'kuyamba kuimbira makasitomala mmodzimmodzi kuwafunsa zomwe akugwiritsabe ntchito. Mpaka lero sanamalize.

Masiku ano muofesimo mulibe wokangana naye. Wina akanena maganizo ake, onse amangogwedeza mitu. Misonkhano imatha chikho cha tiyi wowawa chomwe amamwa mopatsirana chisanazungulire n'komwe tebulo, ndipo anthu amakhalabe pansi kanthawi, osadziwa chomwe akudikira.