Liboni Lanu Lasuluka, Mlendo Wolemekezeka

Kwa Mlendo Wolemekezeka amene tikumudikirabe,
Ofesi ya pamwamba penipeni,
Kumene makalata amalowa bwino koma satuluka.

Olemekezeka Bwana,

Ndayamba ndi kupepesa chifukwa chokusokonezani pa ntchito yanu yaikulu yotsegulira zinthu. Musavutike kufunsa alembi anu kuti ndine yani. Ndine mmodzi mwa amayi aja amene mukadawagwira chanza mukadabwera. Ndimaphunzitsa pa sukulu ya mkaka, ndipo ntchito yanga ndi kupukuta mamina a ana a eni ake ndi kuwaphunzitsa kuima pamzere mosakankhana. Choncho za kudikira ndimazidziwa bwino, ndi zimene ndimadyera.

Ndili ndi khansa ya m'magazi, ya mgonagona ija yosathamanga. Musataye kalatayi, Bwana, matendawa sayenda pa pepala. Adandipeza nawo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, nditangokwatiwa kumene, mbale za mphatso za ukwati zikadali m'makatoni. Abale adalira kwambiri, ndipo msuweni wanga wina adayamba kuyang'anitsitsa nsapato zanga kuti aone ngati zingamukwane. Koma ndidakali pano, wonenepa bwino, chifukwa cha kam'bulu kamodzi ka mankhwala kamene ndimameza tsiku lililonse ndikatha kudya. Nsapato zija ndidazivala ndekha mpaka zidang'ambika.

Kam'buluka kali ndi lamulo limodzi lowawa. Mayi amene akukamwa sayenera kutenga pakati, chifukwa kangathe kuvulaza mwana m'mimba. Ndiye ine ndi amuna anga, amene amawotcherera zitsulo, takhala zaka zonsezi awiriwiri, m'nyumba muli zii. Chaka chatha adokotala athu, amene odwalafe timawatcha a Magalasi, adandiitanira m'kaofesi kawo ndi kundiuza nkhani imene idandiseketsa ndi kundiliza nthawi imodzi. Adati matenda anga agona tulo tofa nato, moti n'zotheka kuyesa kusiya mankhwala, ndipo zikayenda bwino tingayambe kuganiza za mwana. Kenako adakweza chala. "Koma mayi, osasiya panokha," adatero. "Pafunika kuyeza magazi mwezi ndi mwezi pa makina apadera amene amaona ngakhale kachidutswa ka matendawa. Akangodzuka, mubwerera pa mankhwala pomwepo. Popanda makina amenewo, ine sindikulolani."

Makinawo alipo, Bwana. Ali m'chipatala chathu chomwechi, kumapeto kwa khonde lalitali, moyang'anizana ndi benchi limene timakhalapo podikira adokotala. Pakhomo pake adamangapo liboni lofiira, ndipo libonilo likudikira inu.

Ndiloleni tsono ndikuthokozeni mwandondomeko, monga amachitira anthu ophunzira.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha lamulo lanzeru la ofesi yanu, lakuti chinthu chilichonse chatsopano chisagwire ntchito inu musanachitsegulire. Anthu osadziwa amadandaula, koma ine ndimamvetsa. Makina ongoyatsidwa popanda kwaya, popanda zolankhula ndi wojambula zithunzi angathe kuyamba mwano, n'kumayeza magazi a anthu ngati kuti adzigula okha. Bambo woyeza magazi, amene mudamutumiza kutali kukaphunzira za makinawa, amalilemekeza kwambiri lamuloli. M'mawa uliwonse amawerama, kudutsa pansi pa liboni, kuvundukula makinawo, kuwapukuta fumbi, kuwavundikiranso, n'kutuluka chowerama. Ife apabenchi timamuwombera m'manja akadutsa osalikhudza. Akuti msana wayamba kumupweteka, koma makinawo, kunena zoona, akuwala kwambiri.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha tsiku lija mudafuna kubwera. Lidali tsiku losangalatsa zedi. Adakhoma tenti pabwalo, adapenta miyala ya m'mbali mwa msewu, ndipo odwalafe adatipatsa malaya okhala ndi nkhope yanu. Mkulu wa anamwino adatilangiza kuti tioneke odwala mokwanira kuti mumve chisoni, komanso athanzi mokwanira kuti muone kuti mukugwira ntchito. Ine adandisankha kuti ndikupatseni maluwa. A Chipewa, bambo wachikulire amene kale ankayendetsa basi ndipo ndiwo tcheyamani wa benchi lathu, adaloweza mawu okulandirani mpaka adaiwala kumwa mankhwala awo. Tidakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka maluwa adaweramitsa mitu m'manja mwanga. Madzulo ndipo tidamva kuti mudali kwina, kutsegulira chikwangwani chosonyeza malo amene padzamangidwe mlatho. Palibe adakwiya, Bwana. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kungoti ife ngakhale mamewo sitidawaone. Malaya aja ndimagonera, ndipo nkhope yanu yapirira bwino sopo.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chachikulu, ndikuthokoza chifukwa chotitumizira wachiwiri wanu ulendo wotsatira. Ndi bambo waulemu, wonunkhira bwino. Adatiwerengera mawu anu, m'mene mudanena kuti makinawa apulumutsa kale miyoyo yambiri, ndipo tidayang'anizana pabenchi kufuna kudziwa kuti opulumukawo ndi ati. Atatha kuwerenga, adamupatsa sizasi pa mbale. Bwana, ndidagwira dzanja la a Chipewa osadziwa. Wachiwiri wanu uja adaitenga, adaikanula bwinobwino, adaiika pa liboni, n'kumwetulira. Wojambula adajambula. Kenako adaibweza pa mbale ili chikanulire, natifotokozera modekha kuti udindo wake umamulola kukanula sizasi, koma kuitseka ndi kwa inu nokha. A Chipewa adati m'zaka zawo zonse za pamsewu sadaonepo munthu wodziwa kuponda buleki ngati ameneyo.

Chithunzicho chidatuluka m'nyuzipepala, ndipo apongozi anga adachiona. Amayiwa ndi abwino mtima, kungoti akamandipatsa moni amayamba ayang'ana pamimba kenako kumaso. M'mawa mwake adafika ndi timasokosi tiwiri toluka okha, tachikasu, akuti mtundu umenewu suvuta kaya akhale wamwamuna kaya wamkazi. Ndidayesa kuwafotokozera kusiyana kwa sizasi yokanula ndi yotseka. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, ngati sukufuna ungonena, osanamizira boma." Mukuona, Bwana, mmene anthu wamba amakukhulupirirani.

Chachinayi, zikomo chifukwa choonetsa magazi anga dziko. Poti makina athu akudikira, magaziwo amawatumiza kutali kawiri pa chaka, m'kabokosi kozizira. Akwera ndege, pamene ine mwini wake sindidaionepo m'kati. Zotsatira zake zimabwera patapita miyezi, ngati moni wa m'bale amene adapita kukafuna ntchito kunja. Kwa munthu amene akumwa mankhwala, zimenezi n'zokwanira. Kwa amene wasiya, a Magalasi akuti kuli ngati kuyang'ana mwana wokwawa kawiri pa chaka, ndipo ine monga mphunzitsi wa mkaka sindidafunenso kuti andifotokozere zambiri.

Chachisanu ndikuthokozerani mphatso zimene kam'bulu kaja kakupitiriza kundipatsa pamene mukukonzekera ulendo. Kamanditupitsa zikope m'mawa, moti makolo a ana amandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti banja ndi kupirira. Amuna anga, munthu woti sangaphe ndi nyerere yomwe, atchuka m'dera lathu ndi nkhanza zimene sadziwa. Kandiyeretsanso khungu pang'ono, ndiye amayi oyandikana nawo adagamula kuti ndimadzola mafuta oyeretsa. Amene ankandinena kwambiri ndi amene adabwera kuseri kwa nyumba kudzandifunsa dzina la mafutawo. Nditamuuza kuti poyamba pafunika khansa, adati ndine womana. Kamandikokanso minofu ya m'miyendo. Tsiku lina zidandigwira ndili pakati poimbitsa ana nyimbo, ndidadumpha ndi mwendo umodzi uku ndikukukuta mano, ndipo kalasi yonse idayesa ndi kavinidwe katsopano. Mpaka lero amavina chomwecho, ndipo makolo adakakonda pa tsiku lotsekera sukulu.

Musaganize kuti ndikunyoza mankhwalawa. Ndimawakonda ngati mmene munthu amakondera mlamu wovuta amene adamupulumutsa pa ngozi. Ndipo ndinene mosabisa kuti kuwasiya kumandiopsa. A Magalasi sadandinamize. Adati mwa anthu amene amayesa, ena amakhala bwino zaka ndi zaka, ena matenda amadzuka ndipo amabwerera pa mankhwala. Sindikudziwa kuti ine ndili mbali iti. Mwina ndidzayesa n'kulephera, ndipo ndidzalira, kenako n'kumeza kam'bulu kanga n'kupita kuntchito. Chimene ndikufuna ndi kuyesa maso ali tseguka, pali wina amene akuyang'anira magaziwo.

Si onse apabenchi amene ali ndi ulemu ngati wanga. Padali mayi wina wosoka zovala, wanthabwala, amene naye ankafuna mwana. Adatopa kukudikirani, nasiya mankhwala payekha osauza munthu. Pamene adabweranso adabwera atanyamulidwa, ndipo mpaka pano adokotala akulimbana nawo matenda ake. Malo ake pabenchi timaikapo zikwama. Sindikunena kuti ndi chifukwa cha inu, Bwana, ndingayerekeze bwanji. Iyeyo ndi amene adalakwa posadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inenso m'mawa wina ndidakagwira kam'buluko nthawi yaitali, ndikuyang'ana pa zenera. Amuna anga adaona. Iwo si olankhulalankhula, phokoso amalisiya kuntchito. Adangotunga madzi m'kapu, kundipatsa, n'kunena kuti, "Mayi, mwana ndikumufuna, koma ndikufuna adzapeze amake." Ndidameza. Adatuluka kupita kukawotcherera mageti a anthu, ndipo ine ndidakhala pampando n'kulira pang'ono, poti zikope zidali zotupa kale.

Anthu amanditonthoza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye ine ndili nawo odzaza kalasi. N'zoona, ndimawakonda, ndipo ena amalakwitsa n'kunditchula kuti amayi. Koma ikakwana nthawi yoweruka, eni ake amafika pageti, ndipo aliyense amathamangira kwa wake. Ine ndimatsala ndi timipando toti ndisanje. Pamenepo m'pamene pamandiwawa, Bwana, ndipo pa ichi chokha ndalephera kupeza mawu othokozera.

Ndikuyandikira zaka makumi anayi. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa udindo wanu chaka ndi kanthu kochepa, mumangouza mlembi kuti asunthe tsiku. Thupi la mkazi lilibe mlembi. Ndamvanso kwa bambo woyeza magazi uja kuti mankhwala oyezera amene adabwera ndi makinawo ali m'firiji, ndipo nawonso ali ndi tsiku lotha mphamvu. Ndiye ine ndi mabotolo amenewo tili pa mpikisano woona kuti ayambe kutha ndani. A Chipewa akuti iwo aikira kumbuyo ine, poti ndine wamakani. Liboni nalo likukalamba. Lidali lofiira, lidasanduka lotuwa, ndipo pakati lagwa mphwayi n'kulendewera moti bambo uja posachedwa ayamba kukwawa.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Bwerani, Bwana. Musavutike ndi tenti, kwaya kapena miyala yopenta. Tsiku lina mukamadutsa popita kukatsegulira zinthu zofunika, uzani dalaivala aime pang'ono, injini asazime n'komwe. Khondelo ndi lalitali koma ndi losalala, ndipo ife apabenchi tidzakweza miyendo kuti mudutse. Kutseka sizasi ndi ntchito ya zala ziwiri, ana anga a m'kalasi amaiphunzira sabata yoyamba. Tidzaomba m'manja mpaka m'manja mutatentha, ndipo ndikulonjeza kuoneka wodwala kapena wathanzi, malinga ndi mmene wojambula angafunire.

Ndipo zikadzayenda bwino, matenda osadzuka, Mulungu n'kutikomera mtima, ndili ndi kapempho kena komaliza. Anthu a mu ofesi yanu akadzakuuzani kuti mukhale mlendo wolemekezeka pa kubadwa kwa mwanayo, chonde mudzakane. Azamba andichenjeza kuti ana a masiku ano alibe mwambo, sadziwa kudikira akuluakulu, ndipo ndingadzachite manyazi kwambiri atatuluka inu musanafike.

Ine wanu wodikira mwaulemu wonse,

Mphunzitsi wa ana a eni ake,
wokhala kumapeto kwa benchi, moyang'anizana ndi chitseko chanu.