Vaisi Yopendekeka ya a Benwell

Ku Mfuwe konse kunalibe vaisi, chida chopanira zitsulo pozipinda, yonga ya mmisiri wathu, a Benwell. Anaipanga okha pa joini ya Landirova yakufa, moti inkatha kupendekeka mbali iliyonse: kumasula bawuti imodzi, kupendeketsa, kumanganso. Koma kuyambira 1993 bawuti ija sanaimasulepo. Ankapendekeka ndi eni akewo.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Akazi awo, a Delia, njati inawathyola mwendo pochokera kumunda, phazi n'kupola mokhota. Popanda chitsulo chochirikiza sankayenda, ndipo chitsulocho chikaphonya pang'ono chinkawatulutsa zilonda. A Benwell anatha masabata asanu akupendeketsa vaisi, kupinda, kuyesa, kutaya. Tsiku limene a Delia anakafika kumsika osadandaula, bambowo anamanga bawuti ndi mphamvu zawo zonse, ndipo mantha anayambira pomwepo. Chitsulo chija chinkathyoka dzinja lililonse m'matope athuwa, chatsopano n'kumafunika kupindidwa chimodzimodzi.

Ndiye mlendo akafika pachisakasa chawo, moni unali umodzi: "Mwaswera bwanji, manja m'thumba."

Ine, poti ndinali dalaivala wa paloji ya alendo oona nyama, ndinkawapititsira tizitsulo tagalimoto. Ntchito yofuna vaisi yowongoka ankaigwira atagwada, tupa m'manja, khosi lili cham'mbali ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Mapeto ake khosilo linazolowera, moti ngakhale m'tchalitchi ankamvera ulaliki chopendekeka. Kawiri konse anatuluka pakati pa nyimbo kukaona ngati wina sanakhudze bawuti.

A Japhet, owotcherera zitsulo pamsika, anawalangiza kuti angoika chizindikiro cha utoto, azimasula mwaufulu. Iwo anati utoto umasuluka. Nanga kukanda mzere? Anati dzimbiri limadya. A Japhet anangowasiya.

Chaka china nthawi ya mango, dzuwa lili paliwombo, njovu inalowa pakhomo n'kuyamba kudzikanda pa nsanamira ya chisakasa. Tonse tinati phazi thandize. A Benwell, munthu woopa ngakhale tsekwe, ndinawaona atakumbatira vaisi, malata akugwedera pamutu pawo, akuchonderera njovuyo mwaulemu.

"Akuluakulu, mango idyani onse, koma pano pokha ayi."

"Bambo, thawani," anakuwa a Delia ali pakhomo. "Mwendowu ndi wanga."

"N'chifukwa chake," anayankha osacheuka.

Njovu inadya mango n'kupita. A Benwell anatha masiku atatu akutsegula m'mimba, koma vaisi sinasunthe.

Malungo anawatenga mu 1998. Titakawaona kuchipatala sanatchule za munda kapena za maliro, anangotigwira manja ine ndi a Japhet n'kutikumbutsa za bawuti.

Mu Febuluwale wotsatira chitsulo chakumwendo chija chinathyoka, a Delia n'kukhala pakhonde sabata yathunthu osaponda pansi. Tinalowa m'chisakasa mitima ili m'mwamba. Kunena zoona ndinachita mantha kuposa tsiku la njovu, poti tikaphonya panalibenso womufunsa. A Japhet anatenthetsa chitsulo, n'kuchimanga mu vaisi, n'kupinda mmene vaisiyo inalozera, atapendeketsa khosi osadziwa.

A Delia anavala. Anaimirira, anaponda kamodzi, kawiri, kenako anadutsa bwalo lonse mpaka m'chisakasa. Ine misozi inali italengeza, ndipo pofuna potsamira ndinatambasulira dzanja ku vaisi.

"Manja m'thumba," anatero mayiwo.

Chisakasa chija chili zii masiku ano, tupa salira. Koma aliyense wodutsa pamenepo amapisabe manja m'thumba.