Mapeto a Chiphaliwali

Lolemba

Zatsimikizika: katuni ya Chiphaliwali sipitirizidwanso. Eni ake kunja kuja aitseka. Ndiye munthu wathu Chiphaliwali amusiya ali lende pansanja yoyaka moto, dzanja lake lili m'manja mwa Nachisale, mkazi amene amauluka naye uja. Amukoka? Amutaya? Palibe adzatiuze. Anthu oipa mtima!

Ine ndi mnzanga Lekani takhala tikuonera katuniyi Loweruka lililonse mu vidiyo sho ya a Sikelo pa Mponela, abambo andevu pakati pa tiana. A Sikelo ndi amene amaika mawu a Chichewa m'mafilimu, ndipo mayina onsewa anapereka ndi iwo.

Lekani akunyamuka Lasabata, wa ku Joni kukasaka ntchito, ndipo zoti adzabwera liti sakudziwa. Ndiye ndaganiza zomukonzera mphatso yotsanzikana: mapeto athuathu. Pulani ili motere:

– ine ndilembe nkhani
– a Sikelo adule zithunzi za m'magawo akale, aikepo mawu
– Loweruka tionetse, Lekani alire, ine ndinamizire chimfine.

Lachiwiri

Ndalakwitsa kufunsa maganizo pagulu lathu la pafoni. Foni yakhala ikunjenjemera m'thumba m'mawa wonse, mpaka ana m'kalasi ayamba kundiseka.

Wina akuti Chiphaliwali agwe ndithu, koma agwere pa lole ya fodya. Wina akuti Bwana Dzimbiri, mdani wamkulu uja, alape n'kubatizidwa. Mkulu wina wa ku Dzoole akufuna tifotokoze kaye mpingo wa Chiphaliwali, poti sanamuonepo akupumula Lasabata.

Ine ndalemba chilungamo: Nachisale ndi kazitape. M'gawo lina anauza Dzimbiri kuti, "Musadandaule bwana, ndidzamutaya ndekha." Ndinamva ndi makutu angawa.

Lekani wangoyankha kuti, "Nachisale sangamutaye." Ndamutumizira mauthenga ataliatali, okhala ndi mfundo yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza.

Lachitatu

Nditaweruka ndapalasa njinga kupita kwa Lekani, cholinga ndikamuthandize kusoka matumba a chimanga chomwe akusiyira mkazi wake. Sindinasoke ngakhale limodzi. Ndangokhala pathumba n'kuyamba mlandu wa Nachisale.

"Iwe aise," watero iye, singano ili kukamwa, "si mkazi aliyense amene amataya munthu."

Ndamuuza kuti nkhani ndi umboni, osati chifundo. Mlamu, mkazi wakeyo, watibweretsera mbatata yootcha, taidya titafulatirana ngati ana olimbirana mpira. Ndabwerako ndikuimba likhweru, ndikudziona katswiri. Zoti ndimufunse kuti akafikira kwa ndani ku Joniko sizinandibwerere n'komwe.

Lachinayi

Nkhani ndamaliza, ndipo yatuluka bwino zedi. Nachisale akutsegula zala chimodzichimodzi, Chiphaliwali akugwa, nyimbo yachisoni, basi.

Ndawawerengera mkazi wanga, amake Tadala. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Inu abambo, mnzanu akusiya mkazi kuno kupita kutali, ndiye mphatso yanu ndi filimu ya mkazi wotaya mwamuna?"

Ndawauza kuti za luso sazidziwa. Angondipatsa chidebe kuti ndikathirire tomato. Kudimbako mawu awo andilasa ndithu, koma kusintha nkhani yokoma chonchi n'kovuta.

Madzulo ano Lekani watuluka pagulu la pafoni lija, ambiri amutsatira. Atsegula lawo, dzina lake "Nachisale Ngosalakwa." Ine ndatsala ndi wa lole ya fodya uja ndi mkulu wa ku Dzoole, amene akudikirabe yankho la mpingo.

Lachisanu

Kwa a Sikelo. Kachipinda kotentha, kompyuta yafumbi, maikolofoni yoveka sokosi. Ndawapempha andiikire gawo la ukazitape lija ndi mawu ake enieni, ndimve ndekha, Lekani akasowe chonena. Aika. Chiyankhulo chake si Chingerezi. Si chilichonse chomwe ndinachimvapo.

A Sikelo aseka mpaka kugwira m'mimba. "Aphunzitsi, ine zimenezi sindimva ngakhale liwu limodzi. Ndimangoyang'ana nkhope, n'kuwapatsa zonena. Tsiku limenelo ndinali nditayambana ndi mayi akunyumba, ndiye Nachisale anangolowa m'malo mwawo."

Ndafunsa ngati awiriwa ali pachibwenzi n'komwe. Akuti, "Kaya. Mwinanso ndi mlongo wake."

Mayo ine! Zaka zonsezi takhala tikutsatira banja la a Sikelo. Gawo lija Nachisale analira n'kupepesa, ndiye kuti kunyumba kunali kutabwerera mtendere.

Kenako andifunsa: "Ndiye amukoke kapena amutaye? Zithunzi ndi zomwezo." Ndayang'ana mapepala anga, ndakanda mutu, ndakandanso. Ndisanayankhe magetsi athima.

Loweruka

Magetsi sanabwere mpaka masana, ndipo mapeto palibe. Chofunika n'kumuuza Lekani kuti ndinalakwa. Koma naye sanakhoze, poti palibe akudziwa zomwe Nachisale ananena. Ndalemba uthenga, ndafufuta. Ndalembanso, wayamba ndi "pepa" koma pofika kumapeto wasanduka mfundo yoyamba ndi yachiwiri. Ndafufutanso.

Ndapita ku vidiyo sho, ndakhala pabenchi yathu, ndamusungira malo ndi chipewa. A Sikelo aonetsa filimu ya karate. Chitseko chikangotseguka ndimatembenuka. Lekani sanabwere, akuti akuyenda kwa abale kutsanzika.

Njinga ili bwinobwino, mateyala ali ndi mpweya, kupita kwa Lekani n'kosavuta. Koma anatuluka pagulu ndi iyeyo, ndiye ayambe ndi iyeyo. Mtima ukundiwawa, sindinama. Mawa ndilawirira pa siteji, tikathetsa zonse.

Lasabata

Lekani wapita.

Ndafika pa siteji dzuwa litakwera kale. Ndapeza mlamu yekha, maso ali psuu, akumangirira chitenje kuti azibwerera. Sanandikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanatero.

"Alamu, anakudikiranitu. Minibasi zimadzaza iwo n'kumazisiya zipite, amvekere mnzanga akubwera, ameneyo amangochedwa koma salephera. Mpaka anaopa kuti basi ya ku Joni iwasiya ku Lilongwe."

Ndafunsa ngati anasiya mawu. Akuti ayi, ankangoyang'ana kumsewu wa kwathu.

Ndamuimbira, foni sikulowa. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, nyimbo ndimangotsegula pakamwa. Mnzanga wa kuyambira sitandade wani wapita dziko la eni, ine osamugwira chanza, osamunyamulira ngakhale chikwama.

Kudzuka ndinadzuka m'mamawa ndithu. Nthawi yonse imene iye ankasiya minibasi zipite, ine ndinali pakhonde ndikusita malaya, ndikuyeserera mmene ndikamupepesere popanda kuoneka ngati ndagonja.