Khola la Mchere

Lolemba

Dona walowanso m'chinangwa cha alamu anga a Barnaba. Mbuzi imeneyi ilibe manyazi. Amake Rosa akuti: "Likafika Lamulungu mulibe khola, mbuzi zikupita kwa achimwene." Akunena akusenda chinangwa, osandiyang'ana n'komwe.

Mwambo ndikuudziwa: wokusungira mbuzi m'khola mwake amatenga mwana woyamba. Ndipo Dona ali ndi bere, mimba ikuchita kukhudza pansi.

Mbuzi zitatuzi ndi zokhazo zimene ndinatsika nazo kumapiri tsiku lothawa nkhondo. Nyumba inapsa, nkhokwe inapsa. Ndiye mwana wa Dona akhale wa a Barnaba? Ine ndili moyo, ayi.

Khola lawo ndikuliona ndili pakhonde pano. Nsichi za muwanga zokhazokha, zowongoka, zakuda bii ndi mafuta a injini. Anazidula nkhondo isanafike kuno ku Chiwanga, ndiye amayenda ngati ndi nzeru, pomwe ndi mwayi chabe. Zikundiwawa, ndisaname. Ndimanga langa loposa lawolo.

Lachiwiri

Mitengo ya nsichi:

muwanga: chiswe chimathyokerapo mano. Uli kuphiri, kumene amilisiya akuti kuli mabomba okwirira. Miyendo ndili nayo iwiri yokha.
mlombwa: komweko.
nsungwi: dzinja limodzi, zafumbwa.
bango: Dona angaseke.
mlambe: uli pompano, waukulu, wopanda ntchito.
mango wa kuseri kwa tchalitchi: nthambi zilipo, a katekisiti sawerenga.

Basi, mango.

A Barnaba andipeza ndikusadza. "Alamu, mango chiswe chimadya ngati kondowole. Bwerani mudzatengeko nsichi zanga zotsala." Zotsala! Anzathu ali ndi muwanga wochita kutsala. Nditenge, kuti mudzi wonse uziti khola la wothawa nkhondo uja linaima ndi mitengo ya alamu ake? Ndawauza kuti ndili ndi nzeru ina. Ndilibe.

Lachitatu

Wapansi mpaka ku Metangula, kukapempha mafuta akuda otha ntchito m'maboti a asilikali. A Barnaba amangowalandira m'botolo, poti mkamwini wawo amasesa kumeneko. Rosa wanga anakwatiwa ndi woimba kwaya. Nyimbo sizithamangitsa chiswe.

Pachipata mlonda akuti: "Não há." Palibe. Mawu amenewa ndi okhawo amene sasowa masiku ano, kusitolo omwewa, kuchipatala omwewa.

Koma Mulungu sataya wake. Msilikali wina wa m'maboti, wochokera kutali ku Beira, wandimvera chisoni. Chinyanja chake n'chothyokathyoka: "Kwathu mafuta ayi, papa. Mtengo ika m'nyanja, chiswe thawa."

Nyanja! Ili pakhomo panga, yaulere, ndipo a Barnaba sadziwa zimenezi. Ndabwerera mapazi akuwawa koma mtima uli mbee. Nsichi zonse ndaviika kuseri kwa mabwato, ndapsinja ndi miyala.

Lachinayi

Mwera waomba. Nsichi zina zapita, mwina zili ku Likoma. Zotsalazo zatupa, zikununkha ndere.

A profesora a kusukulu andipeza ndikuzivuula, ndawafotokozera monyadira. Aseka mpaka kugwira bwato. "Bambo, nyanja ya kwawo ku Beira ndi ya mchere."

Ohoo. Ndiye mankhwala ake si madzi, ndi mchere.

Amake Rosa ali nawo m'chitini. Anaimira tsiku lathunthu pa bicha, mzere uja wa kukoperativa, padzuwa, anabwera milomo itauma. Amathira ndi nsonga za zala, ndipo chitinicho amabisa kudenga, kumene akuganiza kuti sindidziwa.

Ndikungoganiza chabe. Sindinakhudze.

Mbuzi za a Barnaba zadutsa pano madzulo, zonenepa, ubweya uli see. Ngakhale kulira kwake n'kwa mwano.

Lachisanu

Ndakhudza.

Amake Rosa ali kokaviika chinangwa. Ndasungunula mchere wonse mumphika, ndapaka nsichi iliyonse kuyambira kumutu mpaka kutsinde. Luzi lomangira ndaviikanso momwemo, chiswe chingayambire kumeneko. Dzuwa laumitsa. Ndakumba, ndazika, ndamanga.

Khola laima! Loyera mbuu, likunyezimira. La a Barnaba lija tsopano likuoneka ngati lopserera.

A Barnaba abwera, azungulira, akanda nsichi ndi chikhadabo. "Zayera chonchi bwanji, alamu?" Ndati ndi nzeru za ku Beira. Angoti "Hmm," n'kumapita akucheuka. Akucheuka! Chifikireni kuno sindinakondwepo chonchi.

Chitini ndadzazamo mchenga, ndabwezera kudenga. Lero tadya usipa wootcha, amake Rosa sanachitsitse.

Loweruka

Mamawa mbuzi zanga zikunyambita nsichi. Ndati zikuyamikira.

Dzuwa likukwera zayamba kutafuna luzi.

Kenaka zabwera za eni. Za a katekisiti, za a profesora, za anthu amene sindiwadziwa n'komwe, Chiwanga yense. Zanga m'kati, zawo kunja, malilime okhaokha. Patsogolo penipeni tonde wa a Barnaba, akukankha anzake ngati mchere anagula ndi iye. Ndathamangitsa uku, zabwerera uko. Ndagenda tonde uja, mwala wagunda nsichi.

Masana luzi latha. Nsichi zapendama, kenaka gwa, gwa, gwa.

Chiswe sichinakhudze ngakhale imodzi. Msilikali uja sananame.

Dona ali m'chinangwa cha a Barnaba.

Amake Rosa athira mchenga m'ndiwo za chigwada. Zimene anena sindilemba zonse. Zolembeka ndi izi: "Ine kupsa ndi dzuwa tsiku lonse, kuti mukometsere mbuzi za achimwene?" Ngakhale mchere wanga womwe wakanenepetsa za a Barnaba.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi ndazikusa ndekha, zonse zitatu. A Barnaba atsegula chitseko cha khola osaseka. Bola akanaseka. Akuti: "Zikhala bwino muno, alamu, musadandaule." Ndikudziwa kuti zikhala bwino, n'chimene chikundipweteka. Dona walowa osacheuka, wakagona mumthunzi, watsamira muwanga.

Ndinapempherera mapasa, kuti wina akhale wanga. Waswa masana ano. Mmodzi. Wamkazi, wamawangamawanga, miyendo yaitali ngati ya amake. Mbeu ya kwathu kumapiri, yobadwira m'khola la eni. Andiitana kuti ndikaone. Ndaona, ndati zikomo.

Nsichi zanga amake Rosa akusonkhezera pamoto. Akuti zikuyaka bwino.

Ndiwo zilibe mchere, ndipo sizikhala nawo mpaka kukoperativa kudzabwerenso wina, kaya liti. Ndadandaula pang'ono chabe. Amake Rosa atuluka, abwera ndi kachidutswa ka nsichi, aika pambali pa mbale yanga. "Nyambitani."

Ndakhala pakhonde, kamwana ka Dona kakulira kwa a Barnaba. Ndikunyambita.